Kasiano ndi Madzi a pa Komalu

Kasiano Tovulu anali munthu wosavuta kumupeza. Unkangokwera phiri la kuseri kwa mudzi wa Veratoli, kutsata paipi yakuda mpaka pamene yayambira, ndipo unkamupeza atakhala pakhoma la simenti, miyendo ili lende m'madzi, maso ali kutali. Ukamupatsa moni ankayamba wakuyang'ana kaye ngati munthu wongotsika m'chombo, kenaka n'kumwetulira, mano ali psuu ndi betelo, kamtedza kamene anthu a kuno amatafuna.

Bambo ake anali a konkuno ku chilumba cha Guale, koma ali mnyamata anakagwira ntchito padoko la m'tawuni ya Honiara n'kubwerako ndi mkazi wa ku chilumba cha Malaita, a Jemima. Kuno nthaka imatsata mayi. Kwao kwa a Jemima, tsidya la nyanja, imatsata bambo. Ndiye Kasiano anabadwa wopanda pake. Kuno ankamuuza kuti kwanu n'kwa amayi ako, ndipo akanati awoloke nyanja akanamuuza kuti kwanu n'kwa bambo ako. Azakhali ake ndiwo analozera banjalo kamalo m'munsi mwa mitengo ya kokonati kuti amangepo ndi kudzala mbatata, ndipo kwa zaka zambiri panalibe wowavutitsa.

Anali ndi zaka makumi awiri pamene anthu a boma anafika ndi zingwe zoyezera. Tawuni inali kukula, anthu akutsika m'zombo sabata ndi sabata kudzasaka ntchito, pakuti ntchito zonse za dziko lino zinaunjikana pamalo amodzi omwewo. Ankafuna kasupe wa Komalu. Pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mango analonjeza mpopi pakati pa mudzi, sukulu ya malata ndi msewu woti basi izifika. Anthu anavomera. Koma pofika pa nkhani ya munthu wosunga kiyi wa mpanda wa kasupeyo, zinavuta, poti mafuko awiri a m'mudzimo ankalimbirana Komalu kuyambira makolo, ndipo lililonse silinkafuna kiyi akhale m'thumba la linzake. Dzuwa linapendeka akukokanakokana. Potsiriza nkhalamba ina inalavula betelo n'kunena kuti, "Mpatseni mwana wa Jemima. Ameneyo ngakhale ataba kasupe, akamuika pati?"

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo Kasiano anapeza ntchito.

Ntchito yake sinali yochuluka. M'mawa uliwonse ankachotsa masamba pa waya wosefera, kuthira mankhwala a madzi, ndi kupaka girizi gudumu lachitsulo lotsegulira ndi kutseka paipi. Nthawi yotsalayo inali yake. Nkhungu inkatsika m'mitengo n'kumukuta, zinkhwe zoyera zikulongolola kumwamba, iye n'kumaperekeza madzi ake m'maganizo. Ankawaona akutsetsereka mumdima wa m'paipi, akudutsa pansi pa minda, akukwera zitunda za m'tawuni, n'kutulukira m'ketulo ya mphunzitsi wina, pamutu pa khanda lolira, m'beseni la mkaidi. Anthu onsewo sankawadziwa, koma anawapatsa mayina, ndipo ena ankawada nkhawa.

"Munthu wina m'tawunimo wasiya mpopi wosatseka," ankatero pofika kunyumba.

"Inu, bambo a Klotilda," mkazi wake Perpetua ankayankha akutula chigubu, "mukumva mpopi wa kutawuni, koma msana wanga womwe ukulira pompano simuumva?"

Perpetua sankanama. Paipi inkadutsa m'mphepete mwenimweni mwa mudzi, ukaigwira inkazizira m'manja, koma amayi a ku Veratoli ankatunga kumtsinje wa kumunsi, mtunda wa ola lathunthu. Khwawa lakale la Komalu linauma n'kumera udzu. Chisankho chikayandikira kunkabwera bwana wina, kukumbutsidwa za mpopi, n'kugwedeza mutu momvetsa chisoni. Chaka china anafika pomanga kachiunda ka simenti pakati pa mudzi, poti padzakhale mpopiwo. Nkhuku ndizo zinkaotherapo dzuwa.

Kasiano anali ndi asuweni awiri amene ankawakonda. Donasiano, yemwe tonse tinkangoti Dona, anali mwana wa azakhali ake, mwini nthaka weniweni, munthu wophunzira mpaka fomu 3 koma wosowa chochita. Festus anali mwana wa amalume ake, wa ku Malaita, wapolisi m'tawuni. Lamlungu lina Festus ankakwera kumudzi atanyamula nsomba zam'chitini, atatuwo n'kukhala pakhonde kudya chinangwa chophikira kokonati.

"Inu a ku Malaita mumaswana ngati nkhanu," Dona ankatero. "Ndikadzuka mawa ndipeza wina wamanga nyumba m'khwapa mwangamu."

"Tizitani nanga, poti eni nthaka muli mtulo?" Festus ankabweza. "Iwe khasu unaligwira liti? Paja unabadwa utatopa kale."

"Nanga uyu ndi wa kuti?" Dona ankafunsa akuloza Kasiano.

"Uyu ndi wa m'madzi. Msiye."

A Jemima ankawakalipira onse kuti adye mwakachetechete, n'kuwaonjezera chinangwa.

Nthabwala zija zinayamba kuwawa pang'onopang'ono, ngati ndiwo zomwe mchere ukuonjezekera osadziwa wothira. Festus anasiya kubwera. Mu 1999 anyamata anayamba kutuluka m'nkhalango atavala nyanda, m'manja muli mfuti zosula okha ndi zipolopolo zofukula za nkhondo yakale ija ya azungu ndi Ajapani. Ankati tatopa kupempha; nthaka ndi yathu, mitengo ndi yathu, golide ndi wathu, koma tikudya fumbi la malole. Boma linali kutali, kotero mkwiyo unagwera amene anali pafupi. Midzi ya anthu a ku Malaita m'mbali mwa msewu inayamba kufuka utsi. Dona naye anavala nyanda, ndipo popeza ankadziwa kulankhula, anamuika kukhala mkulu wa anyamata a dera lathu.

M'mawa wina anafika kwa Kasiano, mfuti ataisiya patali. Bambo a Kasiano anali atamwalira kalekale, ndipo a Jemima anali pansi akupala kokonati.

"Amayi," Dona anatero atagwada, "ine ndili moyo palibe wa m'mudzi muno angakukhudzeni. Koma kukubwera anyamata a kugombe la kuseri. Amenewo sanadyepo chinangwa chanu."

A Jemima anapitiriza kupala mpaka chigoba chinayera mbee. "Ndamva, mwanawe," anatero. "Dzuka, udetsa mawondo. Komanso kavale kabudula, ukundichititsa manyazi."

Anachoka mawa lake. Anali atakhala kuno zaka makumi anayi ndi zinayi, koma katundu wawo anakwana m'thumba limodzi la mpunga. Kasiano anawaperekeza mpaka padoko. Chombo chinadzaza moti anthu anakhala ndi padenga pomwe, pamodzi ndi matiresi, malata ozula panyumba, ndi nkhumba zomangidwa miyendo. Amayi ake sanalire. Anangomuuza kuti zilazi za kumunda wa kumtunda azikumbe mvula isananyanye. Iye anaima pomwepo mpaka chombo chinasanduka kadontho, ndipo kwa nthawi ndithu zinkamuonekera ngati chombo chaima, chilumba ndicho chikubwerera m'mbuyo.

Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka. Anyamata a ku Malaita anatsegula nkhokwe ya mfuti za apolisi, apolisi ena akuwathandiza, n'kulanda tawuni. Pamilatho ya mbali zonse anaunjika matumba a mchenga. Kunja kwa matumbawo kunali kwa a Guale, mkati kwa a Malaita. Boma linatsala dzina lokha. Mankhwala a madzi anasiya kubwera, bwana wa Kasiano osamvekanso, koma iye ankakwerabe phiri m'mawa uliwonse. Mwana wake mmodzi yekhayo, Klotilda, anatsekeredwa mkati, kumene ankachapa nsalu za odwala kuchipatala.

Tsiku lina Kasiano akuchotsa masamba anamva mapazi. Anali Dona ndi anyamata asanu.

"Msuweni, tseka."

"Nditseke chiyani?"

"Usandipusitse. Atimana mchere, atimana mankhwala, dzulo awombera bwato la anthu opita kutchalitchi. Amwe mfuti zawozo."

"Muli ana m'menemo, Dona. Muli Klotilda."

"Nanga muno mulibe ana? Zaka makumi awiri ndi zitatu amayi anga akusenza chigubu, paipi ikuwadutsa pamphuno. Anamwalira khosi litapindika. Unawalirira madzi iwe? Tseka, kapena tiphulitse chonsechi, ndiye sipadzakhalanso chotsegula."

Kasiano anayang'ana gudumu lija. Chiyambire ntchito anali asanalitsekepo mpaka kumapeto. Analigwira, n'kuzungulitsa, ndipo linayenda mofewa poti ankalisamala. Paipi inatsokomola kawiri n'kukhala chete.

Zimene zinachitika pambuyo pake Kasiano sankakonda kuzikamba, chifukwa zinali zokoma. Madzi anadzaza dziwe, anasefukira pakhoma, n'kuyamba kufunafuna njira yawo yakale. Anayenda m'udzu mwakachetechete ngati munthu wobwera kwawo patapita zaka, kununkhiza mwala uwu, kuzungulira muzu uwo. Pofika masana anatulukira pakati pa mudzi. Nkhuku zinathawa. Amayi okalamba anatuluka m'nyumba n'kuima m'mbali, ena akutchula mayina a maiwe amene ankasambamo ali atsikana. Perpetua anakhala pansi m'madzimo ndi zovala zomwe, akuseka ngati wopenga. Tsiku lachitatu kunaoneka mikunga, osadziwika kumene inabisala zaka zonsezo. Mudzi wonse unkanunkhira dothi lonyowa, ndipo kulira kwa mfuti kumunsi kunkamveka ngati za dziko lina. Kasiano ankagona chagada pamwala, khutu lili ku khwawa, mtima uli mbee. Akakumbukira anthu ake a m'tawuni aja, wa ketulo ndi wa beseni, nkhope zawo zinkabwera zosaoneka bwino, iye n'kutembenukira kwina.

Masiku amenewo amayi okha ndiwo ankaloledwa kufika pamatumba a mchenga. Ankapita ndi mbatata ndi masamba, amayi a m'tawuni n'kubwera ndi sopo, mchere ndi mpunga, n'kusinthana pamlatho anyamata a mfuti akuyang'ana. Tsiku lachisanu ndi chinayi Perpetua anabwerako osaseka.

"Ndamuona Klotilda," anatero. "Manja ake ndi zilonda zokhazokha. Akuchapira madzi a m'nyanja. Akuti ana otsegula m'mimba agona mpaka m'makonde, anthu akumwa mtsinje wa m'tawuni uja wotayamo zonse. Ndipo Festus ali pamlatho pomwepo, ndiye mkulu wake. Akuti ndikuuzeni kuti mukapanda kutsegula, abwera ndi chigalimoto chokumbira misewu chomwe achiveka zitsulo, ndipo Veratoli adzasala ngati bwalo la mpira."

Kasiano anafunsa kuti, "Kodi kuchokera papaipi kufika pakachiunda ka nkhuku paja ndi mapazi angati?"

M'mawa mwake anavala malaya ake a ntchito, omwe anali atasuluka, nasenza dengu la mbatata pamutu ngati mzimayi, n'kulowa pakati pa gulu la amayi. Pamlatho anyamata a ku Malaita anamuloza ndi mfuti, koma anayamba kuseka asanaganize zowombera.

"Amayi awa ndevu bwanji?"

Festus anatuluka kuseri kwa matumba, atavala magalasi akuda ndi malaya a usilikali osamukwana. Anali atanenepa, koma maso atavula magalasi anali ofiira ngati a munthu wosagona.

"Msuweni, wapenga? Ukudziwa kuti pano pafa anthu?"

"Ndabwera kudzagula mapaipi."

"Mapaipi?"

"Makumi anayi, aang'ono aja, ndi mpopi umodzi. Ali m'nyumba yosungira katundu wa madzi, kuseri kwa matanki. Ndinawaona ndi maso anga zaka zisanu zapitazo. Ngati anyamata akowa sanawagulitse."

"Ife sitiba, ndife oteteza tawuni."

"Ndiye galimoto ya a dokotala ili apoyo mukuiteteza?"

Festus anafuna kukwiya, koma chiseko chinamutulukira m'mphuno. Kasiano anamufotokozera: Dona sangatsegule chifukwa choopsezedwa, anyamata ake angamuone ngati mkazi. Koma mudzi ukapeza mpopi wake, adzakhala ndi chonena, kuti zomwe boma linalephera iye wazitenga ndi dzanja lake.

"Azakhali ali bwanji ku Malaita?" Kasiano anafunsa pomaliza, n'kudzikonza, "Ndikutanthauza amayi. Azakhali ako."

"Ali moyo. Amangokhala kuyang'ana kuno." Festus anabwezera magalasi kumaso. "Kamuuze waulesi uja kuti mapaipi awapeza. Asenze yekha, aone kuwawa kwa ntchito."

Dona sanavomere msanga. Anatukwana, anati msuweni wake ndi mleme, wosadziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa. Koma amayi a m'mudzi atamva za mpopi anamuzungulira, ndipo mkulu wa asilikali sachedwa kugonja kwa amayi amene anamusambitsapo ali khanda. Mapaipi anawoloka mlatho awiriawiri, pamapewa a amayi, atakulungidwa m'masamba a nthochi. Kasiano anakumba ngalande ndi anyamata a nyanda omwewo, mfuti zitatsamira pamtengo wa mango. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi chitsekereni, anatsegula gudumu. Khwawa linaphwa pang'onopang'ono, mikunga n'kuzimiririka, ndipo pakachiunda paja mpopi unayetsemula dzimbiri, kenaka n'kutulutsa madzi oyera. Mayi wina anayimba nyimbo ya kutchalitchi. Dona ndiye anamwa poyamba, m'manja.

Sanamwe nthawi yaitali. Pangano la mtendere litasainidwa kunja kwa dziko, nkhondo ya Guale ndi Malaita inazirala, koma mfuti zinatsala m'manja, ndipo a Guale anayamba kudyana okhaokha. Anyamata a kugombe la kuseri anati Dona anagulitsa madzi kwa adani. Anamupeza kumunda masana, akukumba chinangwa, atavala kabudula. Kasiano ndi amene anakanyamula mtembo wake. Mudzi wonse unathawira m'nkhalango, ndipo unakhala komweko miyezi isanu ndi iwiri, m'misasa ya masamba, ana akutsokomola. Nyengo imeneyo Perpetua ankati akamuyang'ana Kasiano ankaona ngati munthu amene thupi lake labwera koma mwini wake akali m'njira.

Mu 2003 kunafika asilikali ndi apolisi a maiko oyandikana nafe, zombo zawo zitadzaza pagombe. Mfuti zinasonkhanitsidwa n'kudulidwa pamaso pa anthu. Festus anamangidwa zaka zisanu ndi chimodzi pa milandu ya pamlatho paja, ina yomwe Kasiano sanafune kuimva. Klotilda anabwera kumudzi ali ndi mwana kumsana. Boma linadzuka, ndipo tsiku lina kunafika bwana wachinyamata wa za madzi ndi mapu ake. Anaima pampopi, kuyang'ana mapu, kuyang'ananso mpopi.

"Mpopi uwu palibe pamapu. Analumikiza ndani? Uyenera kudulidwa."

"Achimwene," Perpetua anatero, akutsuka mphika osadzutsa mutu, "mapu anuwo ngolemera bwanji? Ngati ndi opepuka kuposa chigubu, konzani mapuwo."

Amayi ena anayamba kuyandikira, aliyense ndi chomwe anali nacho m'manja. Bwanayo anapempha madzi akumwa, analemba kanthu, n'kukwera galimoto yake. Sanabwerenso. Sukulu ndi msewu tikudikirabe.

Chaka chotsatira Kasiano anakwera chombo kupita ku Malaita, koyamba m'moyo wake. Kwao kwa amayi ake kunali pa kachilumba komanga ndi manja, miyala younjika pakati pa nyanja yosaya, nyumba zitathithikana ngati mano. Bwato likuyandikira, madzi anali oyera moti ankaona mthunzi wake ukuyenda pansi pamchenga, ndipo zinkakhala ngati akuuluka. Ana anathamanga akukuwa kuti kwabwera mwana wa mayi wa ku Guale uja. Ndilo dzina limene a Jemima ankadziwika nalo kwawo komwe.

Anawapeza atakhala pakhomo, atachepa thupi, akuboola tizigoba ta mikanda. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuyamba kulankhula chinenero cha kuno, mothamanga, mawu akupunthana. Zaka zisanu anali asanapeze wolankhula naye. Anafunsa za aliyense, nyumba ndi nyumba, kuyambira kumtunda kwa mudzi kutsika. Atafika pa Dona, Kasiano anawauza. Anaika mikanda pansi.

"Anali atavala chiyani?"

"Kabudula, amayi."

Anagwedeza mutu, n'kutolanso mikanda ija.

Kasiano anakhalako masabata atatu. Pakachilumbapo panalibe chitsime. Amayi ankapalasa bwato kukatunga kumtunda. Iye anapeza thanki yakale yobooka kuseri kwa tchalitchi, anaimata ndi phula, nang'amba nsungwi kupanga ngalande za padenga. Amalume ake, bambo a Festus, ankangomuyang'ana, koma tsiku lina anabwera kudzamugwirira makwerero.

Tsiku lonyamuka anawapempha amayi ake kuti abwerere limodzi. Anati kuli mtendere tsopano, nyumba yawo ilipo, ndipo akaone mdzukulu.

"Kusamuka kawiri kwandikwana, mwanawe," anatero. "Kachitatu adzandisamutsa ndi Mulungu. Mdzukuluyo ubwere naye kuno, adzaone kuti agogo ake amakhala pamiyala ngati nkhanu."

Anamupatsa nsomba zowamba zokulunga m'masamba, za Perpetua, ndi chingwe chachitali cha mikanda ya zigoba, chuma chimene kwawoko amapepesera nacho maliro, choti akapereke kwa mkazi wa Dona. Anati achipereke pamaso pa anthu, masana, ndipo anene kuti chachokera kwa Jemima ndi abale ake onse. Amalume aja anaonjezapo china chawo, osayang'ana munthu kumaso.

Bwato litachoka, kumtunda kwa Malaita kunayamba kuda ndi mitambo ya mvula. Wopalasa anati afulumire, chombo sichidikira. Kasiano anacheuka n'kuona amayi ake ataimirira pamiyala, sakuyang'ananso iye koma kumwamba, akukuwira atsikana kuti achotse chivundikiro pathanki.